Magulu okonza maulendo a kumidzi ku Ireland ayambe awerenga maola a dalaivala ndi kuona mapasipoti

Akonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi makomiti a magulu a Amalawi okhala ku Ireland, komanso abale a ku Britain amene amawoloka nyanja kudzacheza nawo. Dzuwa likangoyamba kuchedwa kulowa, cha mu Meyi, mauthenga amayamba kuzungulira pa WhatsApp akuti gulu lakuti likukonza ulendo wokaona kumidzi, sonkhani msanga, mipando yatsala pang'ono. Maulendowa ndi ofunika. Munthu amene chaka chonse amangodziwa msewu wochoka kunyumba kupita kuntchito mu Dublin ayenera kukapumako mpweya wina, aone ng'ombe, mapiri ndi nyanja yamchere. Koma ambiri amakonzedwa chafutambuyo. Komiti imayamba n'kulemba maina a malo okongola amene yawaona pazithunzi, basi n'kuifunafuna pambuyo pake. Poyambira penipeni ndi pawiri: maola amene lamulo limalola dalaivala kugwira ntchito, ndi mapepala amene wokwera aliyense ali nawo.

Chimene chimapusitsa anthu ndi kuchepa kwa dzikoli. Chilumba chonse cha Ireland ndi chaching'ono poyerekeza ndi Malawi, ndiye munthu wozolowera kunyamuka mbandakucha ku Lilongwe, kukachita zake ku Blantyre n'kubwerako tsiku lomwelo, amaona ngati palibe kumene sangafike. Kunotu dalaivala wa basi sayendera mphamvu zake kapena kuchonderera kwa okwera. Lamulo la European Union limati ayendetse maola 9 pa tsiku, ndipo kawiri kokha pa sabata angafike maola 10. Akayendetsa maola anayi ndi theka ayenera kukhala atapuma mphindi 45. Pa maola 24 alionse ayenera kupuma maola 11, kutanthauza kuti kuchokera pamene wayamba ntchito mpaka pamene wazimitsa injini kugalaja pasapitirire maola 13. Nthawi zina kupumako kumaloledwa kutsika kufika maola 9, tsiku n'kukhala la maola 15, koma komiti isawerengere zimenezo chifukwa sikudziwa mmene dalaivalayo wagwirira ntchito masiku apitawo. Zonsezi zimajambulidwa ndi kachipangizo kotchedwa tachograph, ndipo akapyola malire chilango chimagwera iye ndi kampani yake. N'chifukwa chake sangakumvereni ngakhale mutamuwonjezera kangachepe.

Wotchi imeneyi siyamba pamene wochedwa womaliza wakhala pampando. Imayamba kugalaja. Ngati dalaivala wayamba ntchito 6:30 m'mawa, pofika 7:30 madzulo ayenera kukhala ataweruka. Gulu likagwirizana kunyamuka 7:30 koma n'kunyamuka 8:40 podikira achimwene amene akuti ali pafupi, ola ndi mphindi khumi zimenezo zimachotsedwa pa nthawi yoona malo. Kutolera anthu m'malo ambiri kumadyanso nthawi: wina ku Tallaght, wina ku Blanchardstown, wina ku Swords, basi n'kumazungulira Dublin kwa ola ndi theka isanalowe mumsewu waukulu. Pokwerera pakhale pamodzi, pakachuluka pawiri, ndipo pachiwiripo pakhale panjira yomwe mukulowera.

Titenge ulendo umene magulu ambiri amayambira, wa ku Cliffs of Moher, mapompho a m'mphepete mwa nyanja ku County Clare. Kuchoka ku Dublin ndi makilomita pafupifupi 270, kudzera msewu waukulu wa M7 mpaka ku Limerick, kenako ku Ennis, Ennistymon ndi Lahinch. Foni ingakuuzeni kuti ndi maola atatu, koma imawerengera galimoto yaing'ono yothamanga 120 pa ola. Basi yaikulu siloledwa kupitirira 100 pamsewu waukulu ndi 80 m'misewu ina, choncho lembani maola atatu ndi theka osawerengera poima. Kuchoka pamenepo kudutsa m'miyala ya Burren mpaka ku Galway ndi maola ena pafupifupi awiri, ngakhale mtunda wake sufika makilomita 80. Kuchoka ku Galway kubwerera ku Dublin pa M6 ndi M4 ndi maola awiri ndi mphindi 45. Mukaphatikiza, n'kuwonjezerapo wa kugalaja, dalaivala watha maola oposa 8 pachiwongolero. Pa maola 13 aja patsala anayi ndi theka okha, ndipo mmenemo mulowe kupita kuchimbudzi, kudya, kuona mapompho ndi kuyendako mu Galway. Anthu 45 kutsika basi ndi mphindi khumi, kukweranso ndi mphindi zina khumi. Poima pachimbudzi pamafuna theka la ola chifukwa mzere wa amayi sufulumira. Basi zambiri za pa M7 zimaima ku Moneygall, pamalo omwetsera mafuta otchedwa Barack Obama Plaza (mudziwu ndi kumene kunachokera mmodzi mwa makolo akale a Obama, ndipo iye anadzauona mu 2011), ndipo m'chilimwe mungapeze basi zingapo zafika nthawi imodzi. Tsiku limeneli ladzaza kale. Wowonjezerapo Bunratty Castle kapena boti lopita ku Aran Islands akunamiza anthu.

Ring of Kerry, msewu wozungulira wa ku County Kerry, ndiyo isatchulidwe n'komwe pa ulendo wa tsiku limodzi wochokera ku Dublin. Kukafika ku Killarney ndi makilomita pafupifupi 300, maola anayi pa basi. Msewu wozungulirawo ndi makilomita 179 okhotakhota, ofuna maola ena anayi osaima. Kubwerera ndi anayi enanso. Maola 12 amenewa dalaivala mmodzi sangawakwanitse, ndipo ngakhale mutalipira madalaivala awiri, anthu adzangoona Kerry pawindo kenako n'kugona. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kerry imafuna kugonako usiku umodzi kapena uwiri. Dziwaninso kuti basi zazikulu zimazungulira mbali imodzi, kuchoka ku Killarney kulowera ku Killorglin, Cahersiveen, Waterville ndi Sneem, kuti zisakumane m'makona opapatiza. Kuyambira pa 10 mpaka 12 Ogasiti ku Killorglin kumakhala chikondwerero cha Puck Fair, chimene amaveka tonde ufumu, ndipo magalimoto amayenda ngati kamba.

Misewu ya kuno imadziwika ndi chilembo choyamba. M ndi msewu waukulu wothamanga, N ndi wolumikiza matauni, R ndi wa m'chigawo, L ndi wa kumudzi. Kukongola kumene anthu amakufuna kuli m'misewu ya R ndi L, ndipo yambiri ili ndi mpanda wa miyala kapena wa zitsamba mbali zonse, popanda popatukira. Kuyambira mu Febuluwale 2025 liwiro la m'misewu ya L linatsitsidwa kuchoka pa 80 kufika pa 60, koma thalakitala yokoka udzu kapena nkhosa zikakhala patsogolo, ngakhale 30 simufika. Kukula kwa basi kumasankha kumene mungapite. Ya mipando 53 ndiyo yotsika mtengo pa munthu aliyense, koma pa Conor Pass ku Dingle basi siziloledwa, ndipo pa Corkscrew Hill ku Burren imakwera movutikira. Gulu lofuna kulowa m'makwalala a Connemara kapena West Cork lichite bwino kutenga ya mipando 33 kapena 16. Njira yonse itumizidwe kukampani isanatchule mtengo, ndipo dalaivala akati uku sitidutsa, wapampando asatsutse ndi mapu a m'foni. Mapuwo sadziwa utali wa basi. M'makona amenewa ena amachita nseru: oterowo akhale kutsogolo, amwe mankhwala basi isananyamuke, ndipo m'basimo mukhale majumbo ndi mapepala opukutira, chifukwa makampani ambiri amalipiritsa kuchapa mipando.

Tsopano nkhani imene ingamuike munthu m'mavuto aakulu kuposa kuchedwa. Pachilumbachi pali mayiko awiri. Zigawo 26 ndi za Republic of Ireland, pamene 6 za kumpoto, Northern Ireland, zili pansi pa United Kingdom. Pamalire palibe chipata, palibe wa imigireshoni, palibe chidindo ngati pa Mwanza kapena pa Mchinji. Umangoona kuti zikwangwani zasiya kuwerenga makilomita zayamba mamailosi, ndipo m'sitolo akufuna mapaundi m'malo mwa ma euro. Kusowa kwa chipata sikutanthauza kuti aliyense ndi wololedwa. Ufulu woyenda momasuka pakati pa mayiko awiriwa ndi wa nzika za Ireland ndi za Britain. Mmalawi, Mzambia kapena Mzimbabwe amene ali ndi khadi ya IRP yomulola kukhala ku Ireland amafunikabe viza ya UK kuti akaone Belfast kapena Giant's Causeway. Akapita wopanda vizayo ndiye kuti walowa m'dziko la eni popanda chilolezo, ndipo zikadziwika zingadzamuvute pofunsira viza ina mtsogolo. Amene akudikira yankho pa pempho lawo lothawa kwawo saloledwa kutuluka m'dziko popanda chilolezo cha nduna, ndipo kumpotoko ndi kutuluka. Nawonso a ku Britain, chilolezo chokhala ku London kapena ku Glasgow sichilowa m'malo mwa viza ya Ireland, ngakhale atadzera pa boti la ku Belfast n'kutsika pamtunda. Apolisi a kuno, a Garda, nthawi zina amaimitsa basi zochokera kumpoto n'kuona mapepala. Viza ya Schengen, yoyendera m'gulu la mayiko ambiri a ku Ulaya, nayo siigwira ntchito, chifukwa Ireland sali m'gulu limenelo. Amene ali ndi pasipoti ya South Africa akumbukire kuti kuyambira mu Julayi 2024 nawonso amafunika viza ya Ireland.

Msampha wake uli pa ulendo wa ku Donegal. Donegal ili mu Republic, ndiye komiti imati palibe vuto. Koma njira zachidule zochokera ku Dublin zimadutsa kumpoto: N2 imapyola ku Monaghan n'kulowa ku Aughnacloy, Omagh ndi Strabane, ndipo yodzera ku Cavan imadutsa ku Enniskillen. Dalaivala wobadwira kuno saganizako za viza, adzangotenga njira imene anaizolowera. Muuzeni, ndipo zilembedwe papepala la mgwirizano, kuti adzere N4 mpaka ku Sligo kenako N15 kudutsa ku Bundoran ndi Ballyshannon. Ndi yotalikirapo koma siituluka m'dziko. Kufunsa anthu za mapepala awo pagulu ndi kuwachititsa manyazi, ndipo ena sadzanena zoona. Chapafupi ndi kukonza ulendo wosawoloka malire n'komwe, kapena kulemba poyera pachiitano kuti ulendowu ukulowa mu UK, aliyense adzione yekha.

Magulu ena amathawa mtengo wa basi n'kusankha kuyenda pamdipiti wa magalimoto a mamembala. Kuyendetsa kumanzere sikutivuta chifukwa ndi mmene timayendera kwathu. Chovuta ndi mapepala. Laisensi ya ku Malawi siisinthidwa ndi ya kuno, ndipo mlendo amaloledwa kuigwiritsa ntchito osapitirira miyezi 12. Wokhala ndi chilolezo cha wophunzira saloledwa pamsewu wa M, ndipo akapezeka akuyendetsa popanda wa laisensi yonse pambali pake, a Garda angalande galimoto, mwini wake n'kuimbidwanso mlandu. Laisensi wamba ya B imathera pa okwera 8 kuphatikizapo dalaivala kukhala 9. Minibasi ya anthu 16 imafuna D1, choncho kubwereka ya kutchalitchi n'kumupatsa mbale aliyense wodziwa chiwongolero ndi kuyenda opanda inshuwaransi. Mwana wosafika masentimita 150 kapena makilogalamu 36 ayenera kukhala pampando wake wa ana, osati pamiyendo pa amayi. Pa M50 yozungulira Dublin pali tologeti yosaoneka, yojambula nambala ya galimoto. Ndalama yake ilipiridwe isanakwane 8 koloko usiku wa tsiku lotsatira, apo ayi chindapusa chimayamba kukwera. Ndipo magalimoto asamayesere kutsatana bampala ndi bampala. Wa kumbuyo amathamanga mosayenera poopa kutayika. Aliyense apatsidwe malo okumanirana ndi nthawi yake.

Pa ndalama, cholakwika chachikulu ndi kugawa mtengo wa basi ndi chiwerengero cha mipando. Tiyerekeze kuti kampani yatchula €1,200 pa basi ya mipando 53. Msungichuma akagawa ndi 53 amapeza €23 pa munthu, aliyense n'kusangalala. Tsiku laulendo pabwera anthu 38, ndalama n'kukhala €874, kupereweza €326, ndipo mkangano umayambira pamenepo. Gawani ndi 40, munthu alipire €30, zotsala zidzagule madzi kapena zisungidwire ulendo wina. Dzina la pa WhatsApp si mpando. Mpando ndi wa amene walipira chikole, ndipo tsiku lomaliza lobweza ndalama kwa wosintha maganizo lilengezedwe pachiyambi, lofanana ndi limene kampani ya basi yakupatsani. Ndalamazo zilowe muakaunti ya gulu ya osayina awiri. Tsiku laulendo lidziwike kudakali masabata 8, chifukwa ambiri mwa anthu athu amagwira ntchito zamashifiti m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, ndipo ophunzira amaloledwa kugwira maola 40 pa sabata kuyambira Juni mpaka Seputembala m'malo mwa 20, ndiye chilimwe ndiyo nthawi yawo yokolola.

Kampani ya basi ifunsidwe ngati ili ndi laisensi yonyamula anthu ndi inshuwaransi, ngati mtengowo ukuphatikiza matologeti ndi koimika, ngati m'basimo muli chimbudzi chogwira ntchito, ngati amalola chakudya chotentha kapena mowa, komanso mtengo wa ola lowonjezera. Mayankho akhale olembedwa. Malo otchuka nawo amafuna kudziwiratu. Ku Cliffs of Moher, kumene kunafika alendo oposa 1.5 miliyoni mu 2019, basi imayenera kusungitsiratu nthawi yofikira. Ku Clonmacnoise, Rock of Cashel ndi Glendalough, komwe kuli m'manja mwa nthambi ya boma ya OPW, gulu lalikulu liimbiretu foni ndipo lifunse mtengo wa gulu.

Nyengo ya kumadzulo kwa Ireland ili ngati chiperoni cha ku Thyolo, kungoti ichi chimabwera ndi mphepo ya panyanja ndipo sichiona mwezi. Madera ena a kumeneko amalandira mvula masiku pafupifupi 225 pa chaka, pamene m'mbali mwa nyanja ya kum'mawa ndi masiku pafupifupi 150. Ngakhale mu Julayi kutentha kumangozungulira madigiri 15 mpaka 20. Ambulera ndi yopanda ntchito pamphepo yotere, imapindika mphindi yoyamba. Chofunika ndi jekete yosalowa madzi yokhala ndi chipewa, juzi mkati, nsapato zogwira pansi ndi masokosi ena osinthira. Tikudziwa kuti anthu amafuna kutchena chifukwa cha zithunzi. Zovala zotchenera zinyamulidwe m'chikwama, azivale pofika ku Galway. Kutatsala masiku awiri, mlembi aone zanyengo za Met Éireann. Chenjezo lawo lili pa mitundu itatu: lachikasu, la olenji ndi lofiira. Likakhala la olenji, mapompho ndi maboti zichotsedwe paulendo. Likakhala lofiira, ulendo usakhalepo. Nkhungu ikagwa ku Moher simudzaona kalikonse ngakhale mwalipira, choncho pakhale malo ena apadenga oti mungathawireko. Kutalika kwa tsiku kumasinthanso kwambiri: kumapeto kwa Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, pamene mu Disembala limalowa itangopitirira 4 koloko masana. Ulendo wa Okutobala kupita mtsogolo usakhale ndi malo oona madzulo.

Mapompho a Moher amatalika mamita 214 pamalo okwera kwambiri, pafupi ndi nsanja ya O'Brien's Tower yomangidwa mu 1835. Pafupi ndi nyumba yolandirira alendo pali khoma la miyala, koma kupitirira pamenepo kanjirako kali m'mphepete mwenimweni, nthaka yake imagumuka, ndipo mphepo imakankha mwadzidzidzi. Anthu afapo pofuna chithunzi. Gawo limene atseka, latsekedwa. Mwana aliyense akhale ndi wamkulu mmodzi wodziwika dzina womuyang'anira, chifukwa mwana woyang'aniridwa ndi gulu lonse sayang'aniridwa ndi aliyense. Panyanja, amene anakulira ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay asadzithembe. Madzi a Atlantic ndi ozizira moti amabanikitsa munthu akangolowa, amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndipo ali ndi mkokomo wokokera munthu kukati. Kusambira kukhale pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu pamene pali opulumutsa anthu. Mbendera yofiira yokha ikutanthauza musalowe.

Minda yobiriwira imene mukuiona pawindo ili ndi eni ake. Kuno kulibe lamulo lolola munthu kuyenda m'munda wa wina mwaufulu, ndipo m'khola lina mumakhala nkhunzi. Yendani m'njira zoikidwa zizindikiro, chipata mukachipeza chotseka muchitsekenso. Njoka kulibe, zimenezo musaope. Choopsa ndi nkhupakupa za m'udzu wautali ku Wicklow, Kerry ndi Connemara, zimene zimafalitsa matenda a Lyme. Buluku lilowetsedwe m'masokosi, ndipo madzulo aliyense adzifufuze, makamaka ana kuseri kwa makutu ndi mawondo. Kuyambira Meyi mpaka Seputembala, m'malo achinyontho mumakhala tizilombo tating'ono ngati nkhungu za kunyanja kwathu, koma iti timaluma, makamaka madzulo opanda mphepo.

Kamba wa paulendo ndi pamene magulu athu amachita bwino, komanso ndi pamene m'mimba mumavutira. Mpunga wophikidwa usiku, n'kukhala m'poto pansi pa basi mpaka 2 koloko masana, ndi umene umadwalitsa anthu. Ukapsa uzizidwe msanga, ugone mufiriji, uyende m'bokosi lozizira la ayisi pamodzi ndi nkhuku. Pa anthu 40 werengerani nkhuku 10 mpaka 12, mpunga wosaphika makilogalamu 4 mpaka 5, ndi madzi lita imodzi ndi theka pa munthu. Chakudya chigawiridwetu m'timabokosi kunyumba, chifukwa kupakula pamphepo ndi mvula kumatha ola lathunthu. Mandasi, zitumbuwa, mazira owiritsa ndi mtedza sizivuta, komabe funsiranitu ngati pali amene mtedza umamudwalitsa. Kuwotcha nyama kukhale pokhapo pamene eni malo alola. M'mapaki a boma monga Wicklow Mountains ndi Killarney kuyatsa moto n'koletsedwa, ndipo zitsamba za m'mapirimo zikauma zimayaka ngati tchire la mu Okutobala. Zinyalala mubwerere nazo. Mabotolo apulasitiki ndi zitini zili ndi ndalama, masenti 15 kapena 25 chilichonse mukazibweza kumakina a m'sitolo, kuyambira mu 2024. Ofuna kukadyera mu pub aimbiretu foni kutatsala sabata, asankhe zakudya ziwiri kapena zitatu zokha, apo ayi khitchini ya m'tauni yaing'ono idzatha maola awiri. Ana saloledwa mu pub ikakwana 9 koloko usiku, kapena 10 koloko kuyambira Meyi mpaka Seputembala.

Pa ulendo wogona, nyumba za B&B, zopereka pogona ndi chakudya cha m'mawa, zimakhala ndi zipinda zochepa, ndiye gulu la 40 lidzamwazikana m'nyumba zambiri, m'mawa basi n'kutha ola ikutolera anthu. Hostel yokhala ndi khitchini ndiyo yoyenera, kapena zipinda za ophunzira zimene mayunivesite a ku Galway, Limerick ndi Cork amabwereketsa m'chilimwe. Ufa mugulire ku Dublin, m'masitolo a zakudya za ku Africa monga a ku Moore Street, makilogalamu 10 pa nsima imodzi ya anthu 40. Mthiko ndi chipande mutenge zanu, ndipo nsimayo muphike m'mapoto atatu, chifukwa mbaula zamagetsi za m'mahostel sizingawiritse poto mmodzi wamkulu. Chipinda cha dalaivala, chayekha, kawirikawiri chimalipiridwa ndi gulu. Pewani Galway sabata ya mpikisano wa akavalo kumapeto kwa Julayi, Tralee masiku a chikondwerero cha Rose of Tralee mu Ogasiti, ndi Lisdoonvarna mu Seputembala, pamene malo ogona amasowa. Ochoka ku Clare kupita ku Kerry angawoloke mtsinje wa Shannon pa pantoni ya Killimer kupita ku Tarbert, mphindi 20 zokha, m'malo mozungulira ku Limerick.

Kwa gulu limene likuyamba kumene, ife tikanasankha Wicklow osati kumadzulo. Glendalough ili makilomita pafupifupi 50 kuchoka ku Dublin. Kuli mabwinja a mudzi wa amonke umene Kevin woyera anayambitsa m'zaka za m'ma 500, nsanja yozungulira yotalika mamita pafupifupi 30, ndi nyanja ziwiri zimene agogo ndi ana angayendeko pansi popanda chitunda. Kuchoka pamenepo, kudutsa pa Wicklow Gap n'kutsikira ku Baltinglass, mumafika ku Kiltegan, kwawo kwa ansembe a St Patrick's Missionary Society, chipani chokhazikitsidwa mu 1932. Ansembe a chipanichi agwira ntchito zaka zambiri ku Malawi, ndipo Ambuye John Ryan, amene anakhala episkopi wa Mzuzu mu 2016, ndi mmodzi wa iwo. Kumeneko ndi pakhomo pa anthu, ena okalamba, choncho pemphani kaye musanafike ndi basi. Tsiku lonselo dalaivala safika maola 5 pachiwongolero, ndipo anthu amakhala ndi nthawi yokhala pansi n'kucheza, chomwe ndi chimene anasonkhera ndalama. Opita ku Mayo, kaya ku Knock kukapemphera kaya ku Croagh Patrick, phiri la mamita 764 limene anthu miyandamiyanda amakwera Lamulungu lomaliza la Julayi, apemphe dalaivala aime pang'ono m'chigwa cha Doolough ngati basi yake ikukwana mumsewuwo. Pali mwala wokumbukira anthu amene anafera panjira mu 1849 akusaka thandizo la chakudya. Njala ya 1845 mpaka 1852 inadza mbatata ya kachewere, imene m'misika yathu timangoti airishi, itagwidwa ndi chiwawu. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa, ena ochuluka chomwecho anathawa m'dzikomo. Mabwinja a nyumba zamiyala ndi mizere yakale imene imaonekabe m'mbali mwa mapiri ndi ya nthawi imeneyo, ndipo kwa anthu a dziko limene limakumbukira njala ya 1949 ndi ya 2002, malowa safuna wotanthauzira.

Pomaliza pake, m'basi mukhale anthu awiri a ntchito zosiyana. Wina akhale kutsogolo, ndipo ndi iye yekha wolankhula ndi dalaivala. Wina agwire mndandanda wa papepala wokhala ndi dzina la aliyense, nambala ya foni, wachibale woti aimbiridwe, ndi matenda monga shuga, BP kapena mphumu. Powerenga anthu aziitana maina, osati kuwerenga mitu, chifukwa ana amasintha mipando. Nthawi yobwerera kubasi inenedwe ngati ola lenileni, 2:15, osati pakatha ola limodzi, ndipo ilengezedwe anthu asanaimirire. M'zigwa zina netiweki imasowa, choncho nambala ya basi ndi malo amene yaima aliyense azijambule asanachoke. Pakagwa ngozi imbani 112 kapena 999, n'kutchula amene mukufuna: ambulansi, a Garda, a Coast Guard ngati ndi panyanja kapena paphompho, kapena opulumutsa anthu m'mapiri. Kumidzi nyumba zambiri zilibe nambala, ndiye ambulansi imayendera Eircode, chizindikiro cha zilembo ndi manambala 7 chimene nyumba iliyonse ili nacho. Mlembi alembe Eircode ya malo onse oima ndi ogona papepala lomwelo la maina, ndipo kope lina likhale ndi munthu amene watsala ku Dublin.

Ndife,
Ena mwa okonza maulendo a magulu,
Dublin